Pulani Yachisanu ndi Chiwiri

Mapulani asanu ndi imodzi ndang'amba kale.
A komiti akufuna nsanamira zazitali, magalasi ophenira maso,
nyumba yoti ukafika pakhomo uvule chipewa.
Akuti mabuku a Pulezidenti sagona m'chisakasa.

Loweruka ndinazimitsa kompyuta,
ndinakwera minibasi ku Braamfontein
n'kukatsika kumene phula limathera, patsinde pa chitunda.
Udzu wa mu Ogasiti, wouma gwa,
mbali ina lupsa likununkhabe.
Miyala yoyera yatsamirana
ngati anthu odikira malipiro.

Kummwera kuli mapiri achikasu amene Mulungu sanalenge.
Anachita kuwatuta pansi pa nthaka, ngolo ndi ngolo.
Lina mwa iwo linamwa thukuta la Zakeyu Chimbalanga,
bambo a mayi anga, wa Wenela,
amene anabwerera kumudzi ndi wailesi, jekete
ndi chifuwa.
Sankalemba. Ankadinda chala.

Ndinakhala pachulu kudya buledi wanga.
Chiswe, mdani wa pepala,
ndiye anandionetsa momwe nyumba imapumira:
timauna pansi, khosi pamwamba,
kunja ng'amba, m'kati kuli zii.
Ndinamubera nzeruyo osapepesa.

Tsono ndajambula nyumba yogwada,
msana wake wotsatira msana wa chitunda,
denga lomera udzu, lizipserera m'chilimwe
n'kuphukanso mvula ikagwa.
Makoma adothi lotsendera, lofiira, mizere mizere.
Ndinafuna mzere umodzi wa mchenga wachikasu uja;
Tshepiso, injiniya wathu, akuti uli ndi poizoni.
Tagwirizana: tiutsekera m'galasi, polowera,
aliyense audutse asanakhudze buku.

Pakati ndasiya bwalo lopanda denga.
Mvula ya Joni imabwera cha m'ma folo koloko,
ndi matalala, ndi mphenzi zake zamwano.
Ndikufuna wowerenga zolankhula za mtsogoleri
adzadukizidwe pakati pa chiganizo,
adzadzutse mutu.

Lolemba ndinaika chitsanzo chadongo patebulo.
Bambo Radebe anachizungulira kawiri,
manja kumbuyo, magalasi pamphuno.
Anati, kodi nyumbayo ili kuti?
Ndikungoona phiri.
Nanga chiboliboli tiimika pati?

Sindinayankhe msanga.
Ndinali kuyang'ana pakhoma lakummwera,
pamene chala changa chachikulu chinatsamira
dongo lisanaume.
Chidindo chake chikadalipo.
Usiku ndinatenga mpeni kuti ndichisalaze,
kenako ndinaubwezera m'thumba.