Kabuku ka Telala

Ndili ndi kabuku kothothoka chikuto
momwe ndimalemba ziuno za anthu a ku Ulongwe.
Tsamba lachinayi: a Bonifasiyo Zintambira,
masentimita zana ndi khumi ndi awiri.
Suti ndinawasokera ija anaivala kawiri,
pa ukwati wa mwana wawo
ndi tsiku lomwe tinawaperekeza kumasano.
Anagwa pamsika atagwira pachifuwa,
chenji cha kasitomala chikali m'manja.

Dzulo kunabwera Gervaziyo, mwana wawo uja.
Amayendetsa lole ya malasha ku Moatize tsopano,
usiku wonse pampando,
mkate, soseji, chakumwa chotsekemera pambali pa giya.
Tepi yanga inazungulira mimba yake
n'kukaima pa nambala yomwe ija.
Ndinangoluma pensulo.
Iye nkuseka: "Ndi ndalama izi, a telala, onjezani nsalu!"

Mphwake Kasiyano amalima kachewere ku Tsangano,
woonda ngati singano yangayi,
koma naye amameza kapiritsi m'mawa uliwonse,
akuti magazi amathamanga.

Namwino amene ndimamupindira mayunifolomu
anandiuza ndili mkati mopota ulusi:
"Makolo satisiyira mphuno ndi kayendedwe kokha.
Ena thupi lawo limabadwa lodziwa kusunga,
ngati nkhokwe yosaiwala chaka cha njala.
Ndipo mafuta a pamimba sagona tulo.
Amasokoneza shuga, amatsekereza mitsempha,
mtima n'kumapopa ngati mjigo wa mu Okutobala.
Mbewuyo tinapatsidwa, sitinasankhe.
Koma kawirikawiri wothirira ndife."

Za mitsempha sindizidziwa ine.
Ndimadziwa nsalu.
Yofooka pamsoko siing'ambika ili chipachikire pakhoma,
imadikira tsiku lomwe wina aikoke.

Thalauza lake ndalisoka ndithu,
ndalama ya nsalu anasiya.
Loweruka akabwera ndimukhazika pa benchi,
nditsegula tsamba lachinayi,
awerenge yekha dzina la bambo ake
ndi nambala ili pambali pake.
Mwina akwiya, apite kwa telala wa kuseri kwa siteji,
uja safunsa za makolo a munthu.
Mwinanso akhala chete, ayang'ane lamba wake,
andifunse njira ya kwa namwino.

Akafika pakhomo ndidzamuuza chimodzi chokha:
kukulitsa thalauza ndimalipiritsa,
koma kubweza chiuno, mwana wa a Zintambira,
ndimabweza ulere.