Galimoto ya kwa Zuze

Pa Ngabu, kuseri kwa sikelo ya thonje,
pali galimoto yogona pa njerwa zinayi.
Nkhuku yaikira mazira pampando wa dalaivala
ndipo Zuze Alufandika saipirikitsa.

Inachokera ku Ulaya ine ndisanamere mano.
Inkakwera chitunda cha ku Thabwa itasenza mabelo,
mbuzi ziwiri, ndi mayi wodwala pamphasa,
osatsokomola.
Dzuwa la Okutobala likamang'amba nthaka
iyo inkangopempha madzi a m'chigubu, basi.

Tsiku lina kanathyoka kachitsulo
kochepa ngati chala cha khanda.
Zuze analemba kalata ku Limbe.
Mapira anamera, anacha, mbalame zinadyako,
yankho n'kubwera la mizere iwiri:
Pepani bambo, eni ake analongedza.
Kuno sagulitsanso.

Ndinamufunsa, analakwiridwa chiyani?
Anapukuta girizi pa buluku, naseka.

Iwe, utakhala wogulitsa masawu,
ungapalase njinga mpaka ku Marka
kukagulitsa mbale imodzi?
Tawerenga m'chigwa chonsechi
amene angagule galimoto yonunkhira upya,
mipando ikadali m'mapepala.
Zala za dzanja limodzi zitsalako.

Kwawo chiwongolero chimakhala kumanzere,
ife timachifuna kumanja.
Dziko lili lonse lili ndi lamulo lake,
ili likuti utsi wachuluka, ilo likuti nyale zatsika,
ndipo kusintha kulikonse kumadya ndalama.
Akagulitsa lero, kwacha yagwa mawa,
phindu lasungunuka lisanafike padoko.
Kenaka anabwera a kum'mawa aja
ndi zawo zogwirapo kale ntchito,
mtengo wa ng'ombe zowerengeka,
zipangizo zili mbwee pa msika, pambali pa tomato.
Wamalonda sakwiya, mwanawe.
Amangotseka buku.

Anakhala chete, kuyang'ana ngolo ikudutsa.

Zatsopano zawozo ndinaionapo imodzi ku Nchalo,
ya bwana wa kumunda wa nzimbe.
Nditatsegula boneti sindinapeze poika sipanala.
Imafuna kompyuta kuti inene pomwe pakupweteka,
imasankha mafuta ngati mlendo wosankha ndiwo,
fumbi lathuli limaipatsa chimfine.
Anaipangira misewu yakwawo.
Ife anatiiwala asanaijambule n'komwe.

Sindinamve mkwiyo m'mawu ake.
Ndinamva ngati munthu wonena za mnzake
amene anapita ku Joni, nasiya kulemba.

Madzi atasefukira chaka chija
ana asanu ndi awiri anagona padenga pake
mpaka bwato linafika.
Matope anauma m'injini. Zuze anagonja,
nayamba kuigawa pang'onopang'ono.

Matayala ali pa ngolo ya a Sandalamu,
amatuta mchenga ku Mwanza.
Zitsulo zonjanja zakunsi anasula zikwanje,
zikudula bango ku dambo.
Galasi loonera kumbuyo lili kwa ometa tsitsi,
mpando wakumbuyo uli pansi pa mtondo
pomwe amuna amakanganirana bawo.
Batire linafera pa wailesi.
Chitseko chimodzi sitidziwa anaba ndani.

Ndipo mkombero wa gudumu lakutsogolo
unapachikidwa pa mtengo kusukulu.
M'mawa uliwonse mwana wa Sitandade 6
amaumenya ndi bawuti,
ngwee! ngwee!
mpaka mawu kuwoloka msewu wa ku Bangula.

Kaya kumene anaipanga kuli munthu
akudziwa kuti dzina la Ngabu liliko.
Mwina m'buku lawo tinali kadontho
komwe wina anakafufuta asanapite kukamwa tiyi.

Zuze akamva belu uja amaimitsa nyundo.
Imva, amatero, ikadalira.
Kenaka amawerama n'kulowanso pansi
pa minibasi ya ku Japani
yomwe yabwera ikudontha oyilo.