Pakati pa Malilime Awiri

Anandiitana ndili mkati mogawa mankhwala
m'wodi ya pansi, chipatala cha ku Leeds,
mvula ya Novembala ikukanda mazenera.
"Kumwambaku kuli bambo wa kwanu,
Chingerezi chake chathera pa moni."

Pakhonde ndinapeza Tiyamike, mwana wawo,
khanda pachifuwa, jekete lonyowa.
Anandigwira pamkono.
"Asisi, chonde musawauze.
Anangobwera kudzaona mdzukulu,
tikiti yobwerera ndi ya mu Januwale.
Muziti ndi zilonda za m'mimba."

Ndinalowa ndi mawu akewo m'thumba,
pamodzi ndi sizasi ndi cholembera.

A Kachingwe anali tsonga pabedi,
chipewa chaubweya chofika m'makutu,
manja ong'aluka ali phee pa bulangeti loyera.
Dokotala Hollis anakoka mpando
kuti maso awo alingane.
"Afunseni kaye," anatero,
"akufuna kudziwa mpaka pati."

Funso lotere kwathu sitifunsa.
Ndinalitembenuza m'kamwa ngati njere ya bwemba.
"Bambo, chithunzi chija chatuluka.
Tikuuzeni zonse,
kapena tikambe ndi mwanayu?"

Anayang'ana kudenga.
Diripi inkadontha, kudontha.
"Musadandaule" anafika pamlomo panga,
ndinamumeza.
Kubaya jakisoni ndinaphunzira chaka chimodzi,
kudikira kokha kwanditengera zaka khumi ndi zitatu.

"Mwanawe," anatero pomaliza,
"nazale ndinasiyira mlamu wanga ku Mponela.
Tandifunsira:
fodya ameneyo ndikathyola ndine?"

Ndinawolotsa funsolo osachotsapo kanthu.
Dokotala sanathawire ku manambala.
"Ndikuopa kuti ayi," anatero,
ndipo ine ndinanyamula yankholo
ngati beseni lodzadza, pang'onopang'ono,
kuopa kutaya, kuopanso kuwakhuthulira.
Liwu linalo, khansa,
silinafune womasulira.
Linawoloka lokha.

Iwo anangogwedeza mutu.
"Ndinadziwa lamba atayamba kupempha bowo latsopano,
lachiwiri, kenako lachitatu.
Ndimabisira mwanayo.
Woyamwitsa sapatsidwa nkhawa, mkaka umauma."

Chitseko sichinali chotseka bwino.
Tiyamike analowa,
nakhazika khanda pa bulangeti lija.
Masabata asanu ndi limodzi m'nyumba imodzi,
akupatsirana mchere patebulo,
aliyense akubisira mnzake chinthu chomwecho.

Analira. Anakalipirana pang'ono.
Kenako inabwera nkhani ya ng'ombe ziwiri,
ya ngongole ya feteleza,
ya amene akauze amayi pafoni,
ndi mawu oyambira.

Dokotala anandinong'oneza,
"Akuti chiyani?"
Ndinati, "Izi sizomasulira."
Anamvetsa, natseka faelo,
koma pampando sanadzuke.

Ndinakawiritsa tiyi, makapu anayi,
ya bambo masipuni atatu a shuga
ngakhale ndinkadziwa kuti angonyowetsa milomo.
Nditabwera anandikodola.
"Uwafunse ngati ululuwu ungagonekedwe
kwa maola a ndege okha.
Tikitiyo tiyikokere pafupi."

Ndinafunsa. Anati tiyesa,
tikhalanso pansi Lachinayi, tonse anayi.
"Asanu," anatero a Kachingwe,
chala chawo chili m'kankhonya ka mdzukulu.

Usiku pa basi yopita ku Harehills
ndinapisa m'thumba kufuna khadi.
Sizasi inalimo, cholembera chinalimo.
Ndinatulutsa foni,
ndinayang'ana nambala ya bambo anga,
amene mwezi wathawu anandiuza kuti ali bwinobwino,
kungoti buluku lawakulira.