Gulu la Mitsinje

Pa doko la Kalisito, pomwe Jupita amatseka zenera lonse,
Injiniya Ilse Marquardt anajambula chombo chafutambuyo:
anayamba ndi mzinga, mamita mazana asanu ndi limodzi,
kenako n'kuumatira chombo
ngati mnofu pa fupa.
Za anthu anazikumbukira pepala litatsala pang'ono kutha.
N'chifukwa chake tinkagona chopinda mawondo,
msana ukupsa ndi khoma la injini,
mimba ikuuma ndi mapaipi a madzi ozizira.

Boma linaitanitsa khumi ndi ziwiri.
Ndalama zinathera pa chachisanu ndi chinayi.
Anazitcha maina a mitsinje ya Padziko:
Lena, Obi, Parana, Indasi, Yukoni, Amuru ndi ina,
ife obadwira m'zitsulo
tisanaonepo madzi oyenda okha popanda pampu.

Mzingawo unalibe khosi.
Pofuna kuwombera, chombo chonse chinkatembenuka,
n'kumayenda cham'mbali posaka mdani,
ndipo a zombo zina ankatiseka kuti nkhanu.
Dzinalo tinalitola. Linali laulere.

Parana sinaone nkhondo.
Pa tsiku loyesera, kavalavu kochepa ngati chikhatho kanakana kutseguka,
ndipo anthu makumi asanu ndi atatu anasanduka kuwala
komwe ku Ganimidi anakuona patapita masekondi angapo.
Zotsalazo anaziika chigamba pansi pa nthiti yachinayi.
Ndinawotcherera ndine, zonse zisanu ndi zitatu,
ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, manja asanayambe kunjenjemera.

Lena ndiyo ili m'mabuku a ana asukulu:
ku Vesita inawombera kasanu ndi kawiri pa ola limodzi,
Kaputeni Teodoro Quispe atadzimangirira pampando ndi waya
chifukwa lamba anali atapsa.
Mabukuwo sanena kuti amoyo onse anabwera ogontha,
kapena kuti Quispe anakana mendulo n'kupempha mano atsopano.

Yukoni inapita kukalondera kuseri kwa Satani wa mphete,
ndiko kunali kupita.
Wailesi yake imatsokomolabe masiku makumi anayi aliwonse,
manambala okhaokha, opanda mawu a munthu.
Amasiye ena amatchera khutu mpaka lero.

Mtendere utabwera, palibe anadziwa chochita ndi mzinga wa mamita mazana asanu ndi limodzi.
Obi anaizula mtima, m'mphako n'kuyalamo mabedi:
chipatala chachitali, chopapatiza,
anamwino akuyandama pomwe zipolopolo zinkadutsa.
Indasi anaipatsa ntchito yokoka madzi oundana kupita ku Serezi,
zaka makumi atatu, popanda wolemba nkhani ngakhale mmodzi.
Mwa yonse, mtsinje umenewu wokha ndiwo unanyamula madzi.

Sabata yatha abweretsa Amuru, yotsiriza,
kuti tiidule n'kuigulitsa pa sikelo.
Kuno kulibe dzimbiri; chitsulo sichikalamba,
timakalamba ndife.
Chigamba changa ndachipeza chilipo, mzere wake wokhota pang'ono kumapeto
pomwe ndinayetsemula.
Kuseri kwa khoma la bedi lachisanu
kunali sokosi imodzi ya mwana,
njere za tomato m'kapepala,
ndi mizere yowerengera masiku yomwe inalekera panjira.

Marquardt anabwera dzana, zaka makumi asanu ndi anayi,
mdzukulu akumukankha ngati katundu wosweka.
Anali asanakwerepo m'chombo chake ngakhale chimodzi.
Anapempha kuti timulowetse pa bedi.
Anayesa kutambasula miyendo. Inakana.
Anapinda mawondo, n'kukhala chete nthawi yaitali,
maso ali pa paipi yomwe inali chala chimodzi kuchokera pamphuno pake.

"Apa panafunika masentimita makumi atatu," anatero.

Sindinayankhe.
Ndinadikira kuti amutulutse,
ndinatsitsa galasi kumaso,
n'kuyambira pa nthiti yachinayi.