Wonyamula Madzi

Folo koloko m'mawa, Turffontein akadali mtulo,
ine ndatsika kale masitepe, njinga paphewa,
yopepuka ngati nkhuku ya chitopa
koma mtengo wake ungamange nyumba yamalata ku Ntaja.

Agogo adabwera kuno pa Theba.
Iwo ankalowa pansi pa mzindawu,
ine ndimauyenda pamsana.
Tonse awiri Joni adatilipiritsa mapapo.

Ndidayambira pa kabaza ku Balaka,
mayi kumbuyo, thumba la nandolo pamwendo pake,
tcheni chikulira ludzu la oyilo.
Bambo Mokoena atandiona pampikisano wina wafumbi
adandigwira katumba ngati ogula mbuzi,
nati, "Uyu tipite naye."

Patimu, kupambana si ntchito yanga.
Ine ndimatsalira, ndikatenge mabotolo kugalimoto,
asanu ndi atatu m'jezi, kumsana tolotolo,
ndipalase kuwapeza anzanga, ndiwagawire.
Ndimakhala kutsogolo kwa Sibusiso kuti mphepo idye ine,
makilomita zana ndi makumi anayi,
mpaka iye asolole kumbuyo kwanga
ngati mpeni m'chimake.
Manja m'mwamba, makamera ng'aning'ani.
Langa dzina mulipeze kumunsi kwa pepala:
L. Chapola, wa nambala sikisite-fili.

Chaka china, mumsewu wa Jan Smuts,
maluwa a jakaranda atanyowa ndi mvula,
tidagwa anthu khumi ndi awiri.
Phula lidandisenda ntchafu ngati chinangwa.
Chitsulo chomwe adaika paphewapa
chimandiuza za chisanu cha Juni
wailesi isananene.

Mlongo wanga Nasimango palamya:
"Lonjezo, ntchito yeniyeni udzaipeza liti?
Anzako akutumiza mafiriji pabasi."
Ndidaseka, mpunga wopanda ndiwo uli pasikelo.

Kamodzi kokha.
Sibusiso tayala litaphulika pachitunda cha Northcliff,
mawu m'khutu adati, "Pita, Chapola, pita!"
Ndidapita.
Misewu yonse yotsekedwa, maminibasi ali duu,
mzinda wosadikira munthu ukudikira ine.
Ndidafika wachitatu.
Maluwa omwe adandipatsa ndidasowa poika,
adagona m'botolo lamadzi lomwelo.

Tsopano zaka makumi atatu ndi zinayi.
Kalata yabwera Lachiwiri, mizere inayi,
yothokoza kwambiri.
Njinga akuti ndibweze pakutha pa mwezi.

Ku Booysens kuli shopu, akufuna wowongola masipoko.
Ndiyamba Lolemba.
Kumeneko kumabwera kamtsikana, Palesa,
kamafunsa magiya, kamafunsa zipsera,
kamafunsa ngati zimawawa.

Zimawawa, mwanawe.
Bwera Loweruka, folo koloko, usadye zamafuta.
Ukhale kumbuyo kwanga, pafupi,
tayala lako linunkhize langa.
Mphepo ya ku Joni ndimaidziwa,
isiyire ine.