Masekondi Asanu

Mayi Ondina anakwera nayo masitepe a phiri la Cordillera,
kompyuta ili m'chikwama chogulira masamba,
chingwe chikulendewera kunja ngati mchira wa khoswe.
Kumunsi sitima zinkalira padoko la Valparaíso.
Anaitula patebulo langa, pambali pa mbale ya tizitsulo,
napuma kaye, dzanja pachifuwa.

“Sinawonongeke ayi,” anatero. “Ikungofulumira.”

Ndinaiyatsa.
Sikirini yakuda, mizere inayi yoyera,
wapamwamba utavala lamba wowala,
pansi pake masekondi akuwerengedwa chobwerera:
asanu, anayi, atatu,
basi makina adzisankhira okha,
alowa khomo loyamba osafunsanso munthu.

Khomo lachitatu ndilo la a Eleuterio, amuna awo.
Kumeneko kuli mapu awo a nyanja,
zaka makumi atatu zolondolera sitima polowa padoko,
ndi zithunzi za mwana amene anapita ku Antofagasta.
Chifereni ziwalo za kumanja mu Julaye,
dzanja lamanzere limanyamuka pabondo
ngati nkhanu yotuluka m'madzi ozizira,
ndipo likamafika pa batani la muvi woloza pansi
chitseko chatsekeka kale.
Amazimitsa. Amayatsanso. Chimodzimodzi.
Dzulo akuti anayesa kasanu ndi kawiri,
kenako anatembenukira kukhoma.

Ndinatsegula fayilo ija anthu amaiopa.
Mawu ochepa, ouma ngati kalata ya msonkho.
Apa pali nambala ya khomo lolowera ukapanda kusankha.
Makinawa amayamba kuwerenga pa ziro,
ndiye lachitatu ndi 2, ndinawauza.
Iwo anaseka: “Ngati bwana wa padoko powerenga malipiro.”

“Ndingoika lawolo patsogolo,” ndinatero,
“mndandanda wonse ndiubise.
Azingoyatsa, n'kupezeka afika.”

Anapukusa mutu.
“Munthu ankalowetsa sitima usiku kuli nkhungu ameneuja.
Lero supuni ndimawagwirira ine,
mabatani a malaya ndimawamangira ine.
Ichi chokha asiyireni asankhe okha.
Inu ingoiuzani idikire.”

Ndinafufuta 5.
Ndinaganiza 30. Ndinaganiza 60.
Kodi dzanja la mnzako ungaliyezere masekondi angati?
Ndinalemba -1,
imene m'chinenero cha makinawa imatanthauza kuti
usawerenge n'komwe.

Ndinasunga, ndinayatsanso, chifuwa chili patsogolo.
Asanu, anayi, atatu.
Manyazi ake!
Zaka zonsezi pantchito, ndaiwala kuti kulemba sikokwanira:
pali lamulo lina loti ulipereke
kuti makina awerengenso zimene wasintha,
apo ayi amangotsata zadzulo
ngati mlonda wosauzidwa kuti nyumba inagulitsidwa.
Mayi Ondina anayang'ana kudenga,
kundisungira ulemu.

Kachiwiri.
Mizere inayi inabwera, n'kuima.
Pansi pake popanda nambala.
Tinadikira nayo limodzi.
Chikepe cha paphiri chinakwera, chinatsika,
wogulitsa gasi anadutsa akugogoda mabotolo ake,
galu wa a Nibaldo anamuuwa mpaka kukhota,
tiyi wanga anazizira.
Lamba wowala ali phee pa mzere woyamba,
kafani ka m'kati kakungopuma.

Anafunsa mtengo. Ndinatchula wa buledi.
Anabwezera makina m'chikwama,
ulendo uno chingwe anachikulunga bwinobwino.

Usiku uno, penapake paphiri lomweli,
m'chipinda choyang'ana kunyanja
muli sikirini yoyaka imene sikuthamangira kulikonse,
ndi dzanja lamanzere lili paulendo.
Ngati lafika, sindikudziwa.

Ine pano ndatsala ndi makompyuta asanu ndi atatu
a kampani ya makontena,
ndi kapepala komata pa iliyonse:
ikani ziro, tilibe nthawi.