Kabuku ka Alendo

Basi inatilavula pa Rodipoti mbandakucha,
mapazi atatupa ndi mtunda wa Mwanza, Tete, Nyamapanda.
M'thumba munali kabuku konyezimira
kamene mlamu wanga anandipatsira pawindo:
malo khumi oyenera kuona ku Halale.

Tsamba loyamba linati ndikwere Kopje.
Ndinakwera, mpweya uli wefuwefu,
mzinda n'kudziyala pansi ngati zochapa pa kapinga.
Jakaranda anali atakhetsa maluwa m'misewu yonse
ndipo anthu ankangopondapo, akuthamangira kuntchito.

Tsamba lachiwiri, miyala ya ku Epworth,
yoberekana, wina pamsana pa mnzake,
zaka zosawerengeka popanda wodandaula kuti tsika.
Ndinajambula.
Ku Mukuvisi kadyamsonga anandiyang'ana ali m'mwambamo
ngati kalaliki amene waona chiphaso chotha ntchito.
Ndinachonga katatu ndi cholembera, njala n'kundiluma.

Kabuku kanati kadyereni ku Borrowdale,
kumene tiyi mmodzi ndi mtengo wa nkhuku ya kwathu.
Tsungai, woyendetsa takisi, anaseka mpaka kugunda chiwongolero.
Amayi, kabuku kanuko kalibe mimba, iye anatero,
n'kukhotera ku Mbare.

Mbare! Ngolo zikukuwa kuti pisani,
tomato ali phiri, kabichi ali phiri,
fumbi, utsi wa nyama, wailesi zitatu zikukangana.
Kuno masuku amawatcha mazhanje,
mang'ina ndi mazondo,
ndiwo zotendera akuti muriwo une dovi.
Matemba okha anawoloka Zambezi osasintha dzina,
ali mbuu m'beseni, maso ali tong'o ngati andidziwa.

Ndinkawerenga chenji mokweza, mwa chizolowezi,
imodzi, ziwiri, zitatu,
pamene wogulitsa masuku anasiya mbale yake.
Mwanawe, kwanu n'kuti?
Chinyanja chake chinali chakale, chokhuthala,
ngati bulangete losungidwa pansi pa sutikesi,
m'mphepete mwake mutasokedwa Chishona.

Dzina ndi Eneresi Kamtedza.
Bambo ake anachoka ku Bembeke wapansi, tsitsi lili bii,
kudzaphikira azungu ku Solobeli.
Ankati chaka chamawa tipita,
chaka chamawa tipita,
mpaka anawagoneka ku Warren Hills chaka chamawacho chisanafike.
Iye anabadwira ku Mufakose. Malire sanawaonepo.

Anandikhazika pa kreti ya zakumwa,
n'kuitanitsa mazondo otentha, a tsabola,
ndipo ndisanatafune anayamba kufunsa.
Kodi mapichesi akubalabe ku Bembeke?
Ati kumazizira mpaka mano kuombana, n'zoona?
Nanga tchalitchi cha njerwa zofiira chija chilipo?
Basi imaima pati, munthu ukafuna kutsika?
Ukafika umafunsa ndani, poti a Kamtedza anatha?

Funso lomalizalo ndinalimeza ndi msuzi.

Kumapeto kwa kabuku kunali tsamba loyera.
Ndinajambulapo msewu, dzanja lili noninoni ndi mafuta:
apa mlatho wa Tete, musagone, muone madzi,
apa chipata cha Dedza, sungani juzi pafupi,
apa amagulitsa kachewere wokazinga pa chiwaya,
muuzeni mnyamatayo awonjezere mchere.
Apa mutsike. Phiri likhala kumbuyo kwanu.
Funsani munthu aliyense wa imvi.

Anaika chala pa kadontho ka Bembeke
n'kukhala chete nthawi yaitali,
wogula wina akudikira, ndalama ili m'manja.
Kenako anapinda kabuku konse
n'kukalowetsa m'kamisolo, pamene amasunga madola.

Malo asanu ndi awiri aja sindinawaone.
Mlamu akadzafunsa za nyanja ya Chivero
ndidzati madzi ndi madzi.
Ndinabwerera ku Rodipoti ndi masuku m'nyuzipepala,
Tsungai akulavulira nthangala pawindo,
akundifunsa ngati ku Bembekeko
takisi ingapeze ntchito.